KUMENE MADZI ATHU ACHOKERA: Mau kwa Mafumu ndi Alimi a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka

Inu mafumu, anyakwawa ndi alimi nonse okhala kunsi kwa mapiri a Dedza, kabuku aka kalembedwa kuti kawerengedwe pabwalo, ndipo odziwa kuwerenga awerengere anzao. Nkhani yache ndi ya madzi: kumene achokera, chimene asowera, ndi zimene mudzi ungathe kuchita wokha osadikira Boma.

Anthu a ku mapiri akamatsika pa mseu wa Khwekhwerere, naona nyanja iri ngwee patali, amati anthu a ku chigwa ngodala, pakuti madzi ali nao pakhomo. Koma inu eni ache mudziwa kuti mai wa ku Golomoti sasenza mtsuko kunka ku nyanja, ndi kuti chimanga cha ku Mua chimafota nyanja irikuonekera. Madzi amene timwa, ndi amene tithirira madimba ndi mpunga, sachokera kutsogolo kwathu ai. Achokera kumbuyo, ku phiri, natsika ndi Livulezi, Namikokwe, Nadzipokwe, Nadzipulu ndi timitsinje tina. Wofuna kusunga madzi a mudzi wache ayambe wapenya kumeneko.

NYANJA SIKHALA MALO AMODZI

Munthu wobadwira m'mbali mwa nyanja amayesa kuti pamene anapeza gombe ali mwana ndi pamene lakhala chikhalire. Si tero. Nyanja iri ngati mbale yaikulu yoikidwa padzuwa: mvula ndi mitsinje zithiramo, dzuwa ndi mphepo zichotsamo. Mwa magawo asanu a madzi ochoka m'nyanja chaka ndi chaka, anai amauma kunka kumwamba, ndipo limodzi lokha ndilo lituluka pa mtsinje wa Shire ku Mangochi. Chifukwa chache zikatsatana zaka zingapo za mvula yochepa nyanja imaphwa, ndipo zikatsatana za mvula yambiri imabwerera m'malo ache akale.

Chaka cha 1915 nyanja inatsika kotero kuti Shire analeka kutuluka. Mchenga ndi bango zinatseka njira yache, ndipo anthu analima m'kati mwa mtsinje, momwe kale munkapita sitima za pamadzi. Zinakhala chomwecho zaka 20, kufikira 1935, pamene madzi anakweranso nagumula mchenga uja. Chaka chomwecho njanje yochokera ku Blantyre inafika ku Chipoka ndi ku Salima, kupyola pa Golomoti ndi pa Mtakataka pano. Ndipo chimodzi cha zifukwa zoimangira chinali chakuti katundu sankathanso kukwera ndi Shire kufika ku nyanja. Amene anatsata gombe lothawa, nalima ndi kumanga m'malo ouma aja, madzi anawabwezanso kumtunda. Chaka cha 1980 nyanja inadzala koposa zaka zonse zolembedwa, ndipo kusiyana kwa msinkhu wache wa 1915 ndi wa 1980 kunali pafupi-fupi mamita 7, ndiko kunena anthu anai ataimirira mosanjikana. Pa dziko lathyathyathya ngati lathu lino, madzi akakwera mkono umodzi okha amayenda mtunda wautali kulowa m'minda. Mu 1997 inatsikanso kwambiri, ndipo mu 2024 inakwera kufikira inalowa m'nyumba za anthu ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota.

Tsono taonani chodabwitsa cha chaka cha 2024 chimenecho. Nyanja irikusefukira choncho, m'mwezi wa March mtsogoleri wa dziko analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'tsoka la chirala. Zitheka bwanji? Yankho lache ndi ili: nyanja imadzala ndi mvula yogwa pa iyo yomwe, ndi ya kutali kumpoto, yobwera ndi mitsinje yaikulu monga Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe ndi Rukuru. Chaka chimene ophunzira achitcha cha El Niño mvula imachuluka kumeneko, pamene kuno kumwera imadula pakati pa dzinja. Kudzala kwa nyanja sikunena kanthu za nkhokwe ya munthu wa ku Mtakataka.

Mu 2005 akatswiri anabowola pansi pa nyanja, natulutsa matope a zaka zikwi zambiri. Matopewo anaonetsa kuti kale-kale, zaka zoposa 75,000 zapitazo, madzi anatsika mamita oposa 500, ndipo nyanja yaikuluyi inasanduka thamanda la madzi a mchere pakati pa dziko louma. Izi sitizinenera kuti muope, pakuti sizichitika m'moyo wa munthu mmodzi. Koma muone kuti gombe liribe malire okhazikika.

Mau kwa inu ogawa malo ndi awa: nthaka imene nyanja yaisiya muilole kulimamo mbeu zocha msanga, koma musagawepo malo a nyumba, a manda kapena a chitsime. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Funsani nkhalamba pamene madzi anafika mu 1980, nimuikepo mwala kapena kubzalapo mtengo, kuti ana adzadziwe.

MAKOLO ANASANKHA BWANJI MALO?

Pafupi ndi Mtakataka pali malo otchedwa Mankhamba, amene anali likulu la a Kalonga, mafumu a Amaravi, zaka zoposa 500 zapitazo. Dr Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopo, napeza mikanda ya galasi, mkuwa, minyanga ya njobvu, ndi mapale a mbale zochokera ku China. Unali mudzi waukulu ndi wolemera, wodziwana ndi maiko a kutsidya la nyanja yamchere. Koma onani pamene unamangidwa. Sunali pa mchenga wa gombe, sunalinso pamwamba pa phiri. Unali m'mbali mwa Nadzipulu, mtsinje wotsika ku mapiri, pamene pali dothi la chonde lobwera ndi madzi, ndi madimba a m'chirimwe, ndipo nsomba za ku nyanja siziri patali.

Pamenepo panalinso kachisi wa mvula, monga momwe analiri ku Msinja kwa Makewana. Ulemu wa mfumu unali pa mvula. Ikakana kugwa, anthu ankafunsa chimene chalakwika m'dziko. Ife amene tinaphunzira ku mishoni sitithira nsembe pa kachisi, koma tisafulumire kuseka makolo. Nkhalango ya kachisi ndi ya kumanda sinkalowa nkhwangwa, ndipo kawiri-kawiri m'nkhalango zotere ndimo munali kasupe wosaphwa. Lamulo lao linasunga madzi, ngakhale iwo analifotokoza mwa njira yina.

Maiko enanso anaona zotere. Chipululu cha Sahara, chimene lero chiri chouma kwambiri, chinali ndi nyanja, mvuu ndi abusa a ng'ombe zaka 7,000 zapitazo. Zithunzi za ng'ombezo zikali pa matanthwe. Mvula itasamuka, anthu anasamukanso, ena nakaunjikana m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Ku Ejipito komweko mafumu ankayesa msinkhu wa Nile chaka ndi chaka, kuti adziwiretu ngati kudza dzinthu kapena njala. Nkhani ya Yosefe ndi nkhokwe zache muidziwa nonse.

Kwathu kuno chirala chachikulu chinagwa mu 1862 ndi 1863. David Livingstone ndi anzache anaona mitembo irikuyandama pa Shire. Koma si dzuwa lokha linapha anthu aja. Inali nthawi ya nkhondo ndi ya ogwira akapolo. Anthu anali atathawa m'midzi mwao, nkhokwe zitatenthedwa, ndipo panalibe wolimba mtima kutsikira ku dimba. M'zaka zomwezo ufumu wa Kalonga unatha. Njala ya 1949, imene agogo ena akaikumbukirabe, ndi ya 2002 zitiphunzitsa chimodzi-modzi: chirala chikapeza mudzi uli ndi chinangwa m'munda, mapira m'nkhokwe ndi mtsinje woyenda, anthu amaonda koma amafika pa masika. Chikapeza chimanga chokha, ndi mtsinje wa mchenga, maliro amachuluka.

CHIMENE CHASINTHA M'MASIKU ATHU

Wina adzati, ngati chirala ndi madzi osefukira zinaliko kale, chachilendo nchiani lero? Chiripo. Kuyambira pamene maiko a mafakitale anayamba kutentha malasha ndi mafuta ambiri, mpweya wotuluka m'moto umenewo, wotchedwa carbon dioxide, wachuluka kumwamba ndi theka la muyeso wache wakale. Mpweyawo umagwira kutentha monga bulangete ligwira thupi. Dziko lonse lafunda koposa digiri imodzi, ndipo m'Malawi muno kutentha kunakwera ndi digiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006. Digiri imodzi imveka yaing'ono, koma mpweya wofunda umaumitsa nthaka msanga, ndiponso umasenza madzi ambiri, nuwatsanula nthawi imodzi. Chifukwa chache mvula ya masiku ochepa imatha kukokolola milatho, kenaka dzuwa nkuswa mtengo masabata atatu chimanga chirikumasula. Tinaona madzi osefukira a January 2015, chirala cha 2016, namondwe wa Ana mu 2022, ndi wa Freddy m'March 2023, amene anapha anthu mazana ambiri kumwera, maka-maka okhala kunsi kwa mapiri odulidwa mitengo.

Mlandu wa mpweya uja si wa mlimi wa ku Golomoti, amene alibe ngakhale galimoto, ndipo bwalo la nyakwawa silingathe kuuweruza. Tiusiye kwa maboma. Koma pali mlandu wachiwiri umene uli m'manja mwathu, ndiwo wa zimene madzi achita atagwa pansi.

PHIRI NDILO NKHOKWE YA MADZI

Mvula ikagwa pa denga la malata, madzi onse amatsika nthawi yomweyo, ndipo mvula ikakata denga lauma. Ikagwa pa denga la udzu, limamwa, nilidontha pang'ono-pang'ono mvula itapita kale. Phiri la mitengo liri ngati denga la udzu. Masamba amaswa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimaimitsa madzi, mizu imawatsegulira njira yolowera m'nthaka, ndipo madziwo amayenda mobisika miyezi yambiri, natulukira pa kasupe m'October. Phiri lometedwa liri ngati malata. Kuchokera pamwamba pa mapiri a Dedza kufika ku nyanja dziko limatsika mamita oposa 1,000, ndipo madzi othamanga pa chitsetse chotere amanyamula dothi, mchenga ndi miyala, nazitula m'minda mwathu. Mtsinje umene usefukira koopsya m'February ndi womwewo umene mudzafukula mchenga wache m'September. Madzi ache sanachepe; angopita onse tsiku limodzi.

Ndicho chifukwa chache nkhalango ya Mua-Livulezi inapatulidwa mu 1924. Ambiri amaiyesa nkhalango ya Boma, ndipo kudulamo mtengo amakuyesa kuba kwa mwini wa kutali. Koma Boma silimwa Nadzipokwe; akumwa ndinu.

Chitsanzo chiri pafupi. Pakati pa 1997 ndi 2000, ndi thandizo la dziko la Japan, anamanga sikimu ya mpunga ya Bwanje, ya mahekitala 800, ndiwo maekala pafupi-fupi 2,000, yotenga madzi mu Namikokwe. Inali nchito yokongola ya simenti ndi zitseko zachitsulo. Koma patangopita zaka zowerengeka madzi osefukira anagumula ngalande yaikulu, mchenga unali kudzaza m'ngalande chaka ndi chaka, ndipo m'chirimwe madzi a mumtsinje ankakwanira kagawo kochepa ka minda. Pambuyo pache anakonzanso ngalande, namanga damu ndi thandizo la European Union kuti lisunge madzi a dzinja. Damulo ndi chinthu chabwino, koma damu liri lonse limalandira chimene mtsinje ubweretsa. Kumtunda kukakhala kopanda mitengo, lidzasunga mchenga m'malo mwa madzi. Mlimi wa mpunga wa Kilombero amene sanakwerepo kukaona kumene Namikokwe achokera sadziwa theka la munda wache.

Za makala tinene mosabisa. Wootcha makala si mfiti; kawiri-kawiri ndi munthu amene chimanga chamthera m'December, ndipo wogula ali m'tauni. Kumlanda njinga sikubweza mtsinje. Chofunika nchakuti mafumu a ku chigwa akhale pansi ndi anzao a kumtunda, pakuti mtsinje ndi umodzi, napangane malo amene nkhwangwa isafikepo konse: pa magwero a mitsinje, pa akasupe, ndi pa zitsetse zazikulu. M'malo otere simusowa ndalama za mbande. Zitsa za msuku, za mombo ndi za tsamba zimaphukira zokha, mukangoziteteza ku moto ndi ku mbuzi, ndi kupatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Moto wa lupsya wa m'October, woyatsidwa chifukwa cha mbewa zosadzaza ndi mbale yomwe, ndiwo mdani woposa nkhwangwa. Lambulani njira zotchinga moto udzu usanaume.

M'mbali mwa mtsinje siyani mpata wa mamita 10 kapena kuposa wosalimidwa, ndipo mukhale bango, nsenjere, nsungwi, mkuyu, katope ndi mbawa. Tidziwa kuti pamenepo ndi pamene pali chinyezi, ndipo mtima umapweteka kupasiya. Koma wolima kufika pa madzi amakolola zaka ziwiri, chachitatu mtsinje nudya dimba lache ndi la mnansi wache yemwe.

KUSUNGA MVULA M'MUNDA

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Mvula ya inchi imodzi, ndiyo mamilimita 25, ikagwa pa ekala imodzi, imathira malita 100,000, ndiwo migolo 500 ya malita 200. Imeneyo ndi mvula ya madzulo amodzi. Ndani angasenze migolo 500 kuchokera ku mtsinje? Koma mlimi amene mizere yache itsata chitsetse amataya madzi onsewo mwaulere, pamodzi ndi manyowa ache.

Za mizere yopingasa akulu ena ali ndi chikumbumtima chowawa, ndipo ali ndi chifukwa. M'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe anadza ndi chindapusa ndi ndende, ndipo anthu anadana nao. Mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pa mpando itauza anthu ache kuti asamvere malamulowo, pokana chitaganya. Kukakamiza kuja kunali kolakwa, ndipo kunachedwetsa nchito yabwino zaka zambiri. Koma mzere wokha unalibe mlandu. Pa munda wotsetsereka yambani ndi akalozera oyesedwa bwino, mubzalepo udzu wa vetiva, ndipo mizere yonse itsate iwo. M'dothi la mchenga ndi lofiira ikani ngonyeka, ndito timizere totseka pakati pa mizere, kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Koma m'dothi lakuda la makande, la kumadambo, musatseke ai. Kumeneko bvuto ndi madzi ochuluka, ndipo chimanga chidzachita chikasu. Mapesi musatenthe, agonekeni pansi aphimbe nthaka ku dzuwa.

Mtengo wa nsangu, umene uli wambiri m'chigwa chino, ausiye ali yense. Umayoyola masamba m'dzinja, pamene mbeu zifuna dzuwa, nuphuka m'chirimwe, pamene ng'ombe zifuna mthunzi. Ndipo chimanga cha pansi pache muchidziwa nokha maonekedwe ache.

Musaike moyo wa banja lonse pa chimanga. Chigwa chino nchotentha, ndipo mapira, mchewere, khobwe, nandolo, mbatata ndi chinangwa zimapirira pamene chimanga chagonja. Pakhomo pali ponse pakhale kamunda ka chinangwa, kotchingidwa bwino ku mbuzi, pakuti chinangwa ndi nkhokwe imene anankafumbwe salowamo.

Amene ali ndi nyumba ya malata awerengenso ichi: denga la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 10 yokha, limatsitsa malita 300, ndizo zigubu 15.

ZA CHITSIME NDI MJIGO

Madzi a pa mjigo ndi mvula yomwe ija imene inalowa pansi ku phiri ndi m'minda. Chitsulo sichipanga madzi. Mudzi umene ulola mvula kuthawa udzaona mjigo ulikutulutsa mphepo m'November.

Mwina simudziwa kuti mjigo wa mtundu wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri ya mu Afrika, chiyambi chache chiri pa mtsinje wathu womwe. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ku chigwa cha kumtunda kwa Livulezi m'boma la Ntcheu, anayesa mjigo wotchedwa Maldev, umene pambuyo pache unakonzedwa nukhala Afridev. Cholinga chache chinali chakuti anthu a m'mudzi athe kuukonza okha ndi sipanala imodzi. Nchomvetsa chisoni tsono kuona mjigo wotere utakhala chaka chathunthu wakufa chifukwa cha kamphira ka mtengo wochepera nkhuku, amai nabwerera ku madzi a mumchenga pamodzi ndi ng'ombe. Pakhale komiti, ndipo amai akhalemo ambiri, pakuti ndiwo ayamba kumva chogwirira chikalema. Chopereka chisonkhedwe pa masika, pamene ndalama ziriko, ndipo timphira tigulidwe mjigo usanafe.

Chimbudzi, khola ndi dzala zikhale kutali ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa, ndiponso kunsi kwache. M'chigwa muno madzi a pansi ali pafupi, ndipo m'dzinja zonyansa zimayenda mumchenga msanga. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino. Madzi osefukira akalowa m'chitsime, musamwe osawiritsa kapena osathira mankhwala a kolorini ochokera kwa alangizi a zaumoyo. Ana asasambe m'ngalande za mpunga ndi m'mathamanda, momwe mukhala nkhono za likodzo. Madzi otayika pa mjigo muwatsogolere ndi kangalande ku nthochi kapena ku dzenje la miyala, asaime pamodzi kuswa udzudzu.

Chotsiriza tipempha anyakwawa nchito yaing'ono, yonga ya mafumu a ku Ejipito aja. Pa tsiku loyamba la November chaka chiri chonse, mvula isanagwe, mangani mwala ku chingwe, muutsitse m'chitsime cha mudzi, nimuyese mikono ingati kuchokera pakamwa kufika pa madzi. Lembani chiwerengerocho m'buku la mudzi. Lembaninso tsiku limene mtsinje wanu unaleka kuyenda, tsiku limene mvula yobzalira inagwa, ndi masiku amene inadula pakati pa dzinja. Mwana wa sukulu angathe kugwira cholembera ngati maso a mfumu atopa. Zikapita zaka zisanu mudzaona ndi maso anu ngati nchito ya ku phiri ndi ya m'minda irikubweza madzi, ndipo pokapempha mjigo watsopano ku boma mudzanka ndi umboni m'manja. Bukulo lisungidwe pouma kwa nyakwawa, ndipo mlangizi akafika m'mudzi mumuonetse.